Mayi akungobwera ndi mutu, TDR (kuyeza malungo) negativo. Ndani ali ndi chowerenga cha m'Chichewa?

APE (wazaumoyo wa m'mudzi) wa ku Domué, ku Mozambique: Anzanga thandizeni msanga. Pali mayi wina akungobwerabwera, mutu, kuphwanya m'thupi, mtima kugunda. TDR negativo nthawi zonse, paracetamol ndatopa kupereka. Dzulo ndinawakhazika pansi ndiye anamasuka: chimwalirire mwana wawo sagona, nsima akungoitsina pang'ono n'kusamba m'manja, kudimba la mbatata anasiya kupita. Yadutsa miyezi. Apempha chowerenga choti chiwathandize maganizo, koma timapepala tili nato ndi ta Chipwitikizi ndipo iwo sukulu anaphunzira ku Dedza. Za intaneti musandiuze, netiweki ya kuno mukuidziwa.

Namwino wa ku Ulongué: Achimwene, PHQ-9, mafunso 9 aja oyezera matenda ovutika maganizo, mwawafunsa? Mapointi akafika 10 kupita m'mwamba lembani guia, kalata yowatumiza kuchipatala chachikulu. Funso la 9 lija, loti amaganizapo zodzichotsera moyo, musalidumphe chifukwa cha manyazi. Kufunsa sikumuika munthu maganizowo m'mutu. Akavomera, asagone okha usiku umenewo.

Técnico (wachipatala) wa ku Moatize: Pepala silichiza munthu. Guia kwa técnico de psiquiatria, woona za matenda a maganizo, basi.

APE wa ku Domué: Ndalama ya chapa (minibasi) aitenga kuti, akulu? Bambo a kunyumba akuti n'zachisoni chabe, zitha zokha.

APE wa ku Tsangano: Chisoni cha maliro chimabwera n'kumapepukako, munthu amasekako akaona anzake. Izi zosadya, zosagona, zodziona wopanda pake tsiku ndi tsiku kupitirira masabata awiri n'zina. Kwathu kuno kunali bambo wina mlimi wa tomato, anapatsidwa amitriptilina, mankhwala a matenda ovutika maganizo. Sabata isanathe anabwera atamanga mapilitsi pakona ya mpango, akuti tengani zanuzi, zikungondiumitsa kukamwa. Palibe anawauza kuti mankhwalawa amayamba kumveka pakapita masabata awiri mpaka anayi. Komanso mapilitsi amenewo asunge ndi m'bale, ndi oopsa akachuluka. Mankhwala opopera m'dimba nawo achotsedwe m'nyumba, akakhomeredwe kwina. Dera lathuli ali khomo lililonse.

Técnico wa ku Moatize: Ndiye zimene ndikunenazo. APE asayambe zochiza maganizo. Mwayeza hemoglobina, kuona ngati magazi ndi okwanira? HIV? Guia.

Mzamba wa ku Furancungo: Bambo a ku Moatize, palibe akukana guia. Koma podikira chapa mayiyo azingokhala? Ku Harare a Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi n'kumamvetsera anthu, Friendship Bench ija, ndipo anthu anapepukidwa. Ine ndimatenga kope la sukulu, ndimalemba ndi mayiyo m'mawu ake: vuto limodzi lomwe angalithe sabata ino, munthu mmodzi womuuza zakukhosi, kantchito kamodzi komwe ankakakonda kale, kaya kwaya ya kutchalitchi. Chowerenga chake n'chomwecho. Chenjerani kokha ndi oti apemphereredwe asiye mankhwala. Kupemphera apemphere, mankhwala amwe.

Técnico wa ku Moatize: Harare si Domué, mayi. Zikavuta adzafunsa amene sanalembe guia.

Namwino wa ku Ulongué: Zotumizirana pa WhatsApp nazo samalani, zina zimathera pogulitsa mankhwala azitsamba. Ndipo dzina la mayiyo lisalembedwe muno.

APE wa ku Tsangano: Kope ndilibe ndi limodzi lomwe. Inu kit ya mankhwala ya mwezi uno mwalandira? Ife Coartem wa malungo watha kalekale.

Mzamba wa ku Furancungo: Kuno angobweretsa magolovesi.