Thandizeni: nzeru za ku America zingagwire pa kafukufuku wa ku Mangochi?

Moni nonse m'gulu muno. Pepani, nkhaniyi italikirapo pang'ono.

Ndikuchita digiri yachiwiri ya zamaphunziro kuno ku Joni, koma kafukufuku wanga ndi wa kumudzi. Ndikuona ana a Sitandade 1 mpaka 4 ku Mangochi amene kunyumba amalankhula Chiyao, pabwalo la sukulu Chichewa, pomwe lamulo la zamaphunziro la 2013 likuti aziphunzira m'Chingerezi. Ndinaphunzitsako zaka zisanu ndi chimodzi. Mwana wolongolola panja, akalowa m'kalasi amangoti duu.

Asupavaiza anga akuti ndigwiritse ntchito Critical Race Theory. Ndawerenga ndithu. Inayamba ndi akatswiri a zamalamulo ku America, monga Derrick Bell ndi Kimberlé Crenshaw, ndipo mu 1995 Gloria Ladson-Billings ndi William Tate anailowetsa m'nkhani za sukulu. Mfundo yake ndi yoti tsankho silikhala mumtima mwa munthu mokha, limabisalanso m'malamulo ndi m'kayendetsedwe ka zinthu. N'chifukwa chake khoti litaletsa sukulu zosankhana khungu mu 1954, ana akuda anapitirirabe kutsalira. Kumeneko zikumveka. Kunonso zikumveka, paja ana a ku Soweto anawomberedwa mu 1976 pokana kuphunzira m'chilankhulo cha Afrikaans.

Koma ku Mangochi mzungu ali pati? Aphunzitsi ndi akuda, ahedi akuda, nduna yakuda. Amene ankatigwiritsa ntchito yachibalo tikalankhula chilankhulo cha makolo anali a mtundu wathu womwe. Ndipo amene anachotsa Chitumbuka pa wayilesi ndi m'sukulu mu 1968 sanali atsamunda, linali boma lathu lomwe. Ndikaika zonsezi m'thumba la khungu, ndikuona ngati ndikuveka mwana malaya obwereka. Mtima wanga uli kwa Ngũgĩ wa Thiong'o, wolemba mabuku wa ku Kenya, amene ankati utsamunda umatsalira m'mutu kudzera m'chilankhulo, ngakhale nayenso sandiyankha bwino pamene Chichewa ndiye chikupondereza Chiyao.

Nditanena zimenezi, asupavaiza anangoti ndiwerengenso. Ndalama za sukulu zikutha Disembala, ndiye mkangano sindikuufuna.

Inu amene munadutsamo, munatani? Kodi n'zololedwa kutenga mbali imodzi yokha ya Critical Race Theory, monga njira yake yomvetsera nkhani za anthu oponderezedwa, n'kulemba poyera kuti za khunguzo kwathu sizikukwana? Kapena oyesa mayeso adzati ndasakaniza mbewu? Ngati alipo amene anasinthapo maganizo a asupavaiza popanda kudana nawo, mundiuze munayamba ndi mawu oti chiyani.