Ndikufuna kuphunzira zofukula zakale, ndilowere kuti?

Wosatchula dzina: Admin ndibiseni dzina chonde. Ndimakhala ku Chibavi kwa amalume. Chipitireni ku museum ya ku Karonga komwe anatifotokozera za nsagwada ya munthu wakalekale ija inapezeka ku Uraha mu 1991, mtima wanga uli pa archaeology, maphunziro ofukula zakale, basi. Koma amalume akuti nzaufiti, akufuna ndizikawagulitsira kaunjika kumsika, foni anandilanda sabata yathunthu, akazi awonso shuga amachita kukiyira kuchipinda. Sukulu yake ndi iti abale?

Mphunzitsi wa ku Katoto: Mwana iwe, zongokumba ndi fosholo zinatha. Panopa nkhani ndi DNA. Mafupa a pa phiri la Hora ku Mzimba komweku ndi a ku Fingira pa Nyika anawatenga DNA, ena a zaka zoposa 8,000. Popanda biology ndi chemistry usayambe n'komwe.

Mayi wa ku Luwinga: Ine wanga anamaliza digiri chaka chachitatu chino, akungoyendetsa kabaza. Pita ku unamwino mwanawe, mafupa sadyetsa munthu.

Mphunzitsi wa ku Katoto: Mayi, maganizo amenewo ndi amene akuchititsa kuti mbiri yathu tizichita kuuzidwa ndi alendo! Chongoni ku Dedza ili ndi malo 127 a zojambula pamiyala, bungwe la UNESCO linaivomereza mu 2006 kukhala malo a mbiri ofunika padziko lonse, akasamale ndani tonse tikavala yunifolomu yoyera?

Mayi wa ku Luwinga: Fizi mulipira ndinu aphunzitsi?

Mnyamata wa ku Zolozolo: Ukakumba n'kupeza mphika wa ndalama usatiiwale achimwene kkkk

Mlongo wa ku Mchengautuwa: Ku yunivesite ya Dar es Salaam kuli dipatimenti ya archaeology, ku yunivesite ya Wits ku Johannesburg ndi ya Cape Town nakonso. Kuno yamba wafunsa a history pa Mzuni, ndi pafupi, ungoyenda wapansi. Koma uli ndi MSCE kapena digiri? Mapointi angati? Sunanene.

Mphunzitsi wa ku Katoto: Ndipo ndisaiwale LiDAR, makina amene amaunika pansi kuchokera m'ndege n'kuonetsa mizinda yobisika m'nkhalango, ku Guatemala anatero. Tangoganizani atadutsa nawo pamwamba pa Viphya! Kompyuta uidziwe, mapu uwadziwe.

Wosatchula dzina: Zikomo nonse. Koma amalumewa ndiwauze bwanji, poti dzulo anenanso kuti ndikapitiriza zimenezi ndilongedze ndizipita kumudzi.

Mlongo wa ku Mchengautuwa: Mapointi aja achimwene.