OmpU ndi OmpT, kachirombo ka kolera kamatani nazo zitseko ziwirizi?

mwana_wa_labu:
Akuluakulu thandizeni mutu waima. Lachisanu tili ndi mayeso a microbiology ndiye pa Vibrio cholerae, bakiteriya woyambitsa kolera, manotsi angolemba kuti ili ndi ma porin awiri akuluakulu, OmpU ndi OmpT, basi osafotokoza kanthu. Zoti porin ndi kabowo ka pakhungu lakunja la bakiteriya ndamva, chikundizunguza nchoti ngati pali mabowo bwanji ndulu ya m'matumbomu siilowa nkukapha? ndulu ija ntchito yake nkusungunula mafuta ndipo khungu la bakiteriya nalonso ndi mafuta omwewo. Komanso awiri achani, mmodzi sakwana?

Gram_negative:
Achemwali yambani ndi kamangidwe kake zinazo zibwera zokha. Ganizani nkhokwe yolukidwa koma yopanda denga yopandanso pansi, ndiye maonekedwe a porin amenewo, amati beta barrel, timizere 16 ta puloteni tazungulira nkusiya mpata pakati modzaza madzi. Ndipo sizikhala imodziimodzi, zimamatana zitatu. Kunja kwa nkhokweyo kumagwirizana ndi mafuta nchifukwa chake imakhazikika pakhungupo, mkati ndi modutsa zinthu zazing'ono zosungunuka m'madzi monga ma ion, shuga, ma amino acid. Palibe pampu, palibe ATP (mphamvu yomwe selo limagwiritsa ntchito), zimangoyenda zokha kuchoka kochuluka kupita kochepa.

Koma musaone ngati ndi chibowo cha yasaa. Pali kachingwe kotchedwa L3 kamene kamapindikira mkati nkupanga khosi lopapatiza, izi zili ngakhale pa OmpF, porin ya bakiteriya wina wotchedwa E. coli. Chomwe chidadabwitsa anthu mu 2018 atajambula mapuloteni a kolerawa ndi X-ray nchoti aliyense ali ndi chotchinga chowonjezera, OmpU nsonga yake yoyambirira ija ya N imapindikira mkati mwa bowo, pomwe OmpT ndi kachingwe ka L8 kamene kamalowa. Ndiye khosi lija lili ndi ma charge (mphamvu ya magetsi, positive kapena negative), chinthu chikhoza kukhala chaching'ono bwinobwino koma nkuvutika kudutsa chifukwa cha charge yake.

Dr_wamawa:
Apo pa charge ndi pamene pagona yankho la ndulu. Ma bile salt, michere ya mu ndulu, ndi a negative. OmpU imakonda kudutsitsa za positive ndiye ndulu siilowa chisawawa, OmpT siisankha kwenikweni, deoxycholate, umodzi mwa micherewo, imafika mpaka kukakamira m'bowomo. Osaiwalanso LPS, chophimba cha mafuta ndi shuga chomwe chakuta kunja konse, ndi mapampu otaya ndulu yomwe yazembera nkulowa, si porin yekha akugwira ntchito ayi.

Wosintha zitsekozi ndi ToxR, puloteni yolamulira majini, ameneyu mumuloweze ndithu amakonda kufunsa. Amayatsa jini ya ompU nkuzimitsa ya ompT. Ndipo ToxR yemweyo pamodzi ndi mnzake TcpP ndi amene amadzutsa wolamulira wina wotchedwa ToxT, kenako ToxT nkuyatsa poizoni wa kolera (cholera toxin) ndi TCP, tiulusi tothandiza kachiromboka kukhazikika m'matumbo. Kachirombo kakamva ndulu OmpU imachuluka. Mu 2000 Provenzano ndi Klose adasinthanitsa dala majini awiriwa kuti ToxR aziyatsa OmpT m'malo mwa OmpU, tizirombo take tinkavutika ndi ndulu, poizoni tinkapanga wochepa, ndipo m'matumbo a tiana ta mbewa sitinkakhazikika bwino.

mwana_wa_labu:
Eeeh tsopano ndayamba kuona. Nde ngati OmpU ili bho chonchi OmpT akuisungiranji, bwanji osangoitaya?

Gram_negative:
Kkkk mukuganiza ngati kachiromboka kamakhala m'mimba mwa munthu moyo wake onse. Nthawi yambiri kali m'madzi, kumata pa tinkhanu tating'onoting'ono totchedwa ma copepod nkumadya chitin, chinthu cholimba cha pachikungwa chawo, mpaka kali ndi porin ina yapadera, ChiP, yolowetsera zidutswa za chitin zokhazokha. Kumeneko ndulu kulibe, vuto ndi njala, ndipo mu labu mukakalera pa chakudya chosauka OmpT ndi imene imachuluka.

Komanso OmpU ili ndi mtengo wake. Pali phage yotchedwa ICP2, vayirasi yodya Vibrio, imagwirira pa OmpU pomwepo kuti ilowe. Mu 2014 gulu la Kimberley Seed ndi Andrew Camilli lidapeza m'chimbudzi cha wodwala wina ku Haiti kuti pafupifupi ma Vibrio onse adali atasintha OmpU yawo kuthawa phage imeneyi, osaitaya koma kungosintha pang'ono tizingwe takunja pogwirira paja. Ine nkhani imeneyi ndi yomwe idandikondetsa phunziroli, nkhondo yonseyo ikuchitika m'mimba mwa munthu mmodzi.

nesi_wa_usiku:
Ine za ma barrel zanuzo ndidaiwala kalekale koma ndionjezeko chimodzi poti ana asukulu ambiri amasokoneza. Poizoni satulukira pa porin ayi, ndi wamkulu kwambiri, ali ndi njira yake yotulukira yotchedwa type II secretion. Ndipo chotsegula m'mimba chija chonga madzi a mpunga ndi poizoniyo osati OmpU. Mliri wa kolera uja udayamba ku Machinga mu March 2022 nkupha anthu oposa 1,700, tinkagona m'matenti, chopulumutsa anthu chinali ORS ndi madiripi a Ringer's, mankhwala a doxycycline amangofupikitsa masiku otsegula.

Dr_wamawa:
Zoona asisita. Ndiye achemwali akadzakufunsani chifukwa chani antibayotiki wotchedwa vancomycin sagwira pa Gram negative, mabakiteriya a khungu lakunja ngati Vibrio, yankho lili pomwepa, ndi wamkulu pafupifupi 1,450 Da (muyeso wa kulemera kwa molekyulu) pomwe ma porin wamba amadutsitsa zosapitirira cha m'ma 600.

mwana_wa_labu:
Zikomo nonse. Ine mu notsi ndinalemba mozondoka kuti ToxR amayatsa OmpT, ndakonza pompano.