Ndiwerenga lipoti la chuma pamsonkhano wa pachaka, koma ndikaima pagulu mawu amandithera

Msungichuma wa kwa Santhe

Moni nonse. Ndine msungichuma wa kopaletivi ya alimi a mtedza ndi soya kuno kwa Santhe, m'boma la Kasungu. Kwatsala masabata atatu kuti tichite msonkhano wa pachaka, ndipo woti awerenge lipoti la chuma ndine, pamaso pa mamembala oposa 100, a gulupu, nyakwawa zingapo ndi alangizi a zaulimi. Mabuku ali bwinobwino, palibe tambala imene yasowa. Vuto ndi ineyo. Ndikaima pagulu mtima umagunda ngati ng'oma, pakamwa pamauma gwa, pepala limanjenjemera, manambala n'kumawalumpha. Pa nkhani ya ndalama mukudziwa, munthu akamanjenjemera anthu amayamba kunong'onezana kuti wadyapo. Ena akuti ndidzamwe kaye kabotolo kamodzi, ena akuti kuli mapiritsi. Ndichite chiyani m'masabata atatuwa? Thandizeni mayi wanu.

Mphunzitsi wa mtsutso, Kasungu boma

Mayi, zimene mwatchulazo si matenda, komanso si kupepera. Thupi likaona maso ambiri ali pa ilo limachita ngati lakumana ndi chilombo kudambo. Limatulutsa timadzi ta m'thupi totchedwa adirenalini, mtima umathamanga kukankhira magazi m'manja ndi m'miyendo, ntchito ya m'mimba imayamba yaima, ndiye malovu amauma. Mphamvu yothawirayo ilibe kopita chifukwa mwaima malo amodzi, choncho imatuluka ngati kunjenjemera. Mantha amenewa amakula kwambiri pamene akukuitanani ndi m'mphindi yoyamba kapena ziwiri mutaimirira, kenaka amatsika okha ngati simunathawe. Ntchito yanu yaikulu ndi kuwoloka mphindi ziwiri zimenezo.

Sabata yoyamba lembani zimene mudzanene, m'Chichewa chimene mumalankhula tsiku lililonse, osati kukopera mmene zilili m'buku. Ziganizo zitatu zoyambirira muziloweze pamtima mpaka muzizinena uku mukutsuka mbale. Zotsalazo musaloweze. Woloweza lipoti lonse akaiwala liwu limodzi zonse zimamwazika ngati mikanda yoduka ulusi.

Poyeserera muziimirira ndi kulankhula mokweza, kawiri pa tsiku. Kuwerenga chamumtima muli gone pamphasa sikuthandiza, chifukwa chimene chimakakamira patsikulo ndi lilime ndi mpweya, osati maso. Dzijambuleni mawu pafoni, mumvere, muonenso nthawi. Lipoti likapitirira mphindi 7, dulani. Mudzadabwa kuti kunjenjemera kumene inu mumakumva ngati chivomezi, pafoni kumangomveka pang'ono chabe.

Sabata yachiwiri yambani kuwonjezera anthu: munthu mmodzi, mawa lake a pakhomo atatu kapena anayi, kenaka komiti yonse. Pemphaninso kuti mukapereke chilengezo kutchalitchi kapena ku banki m'khonde, ngakhale cha mphindi imodzi. Apa pali lamulo limodzi lomwe ambiri amaliphwanya: mukayamba, malizani. Mukasiyira pakati mtima uli m'mwamba n'kupatsa wina pepala, thupi limaphunzira kuti kuthawa ndiko kwakupulumutsani, ndipo ulendo wotsatira mantha amabwera okulirapo. Mukapirira mpaka atatsika okha, limaphunzira kuti panalibe chilombo.

Sabata yachitatu pitani pamalo a msonkhanowo pamene palibe anthu, muime pomwe mudzaimepo, mulinene lipoti lonse kawiri. Ana akabwera kudzaonerera asiyeni, ndi gulu laulere limenelo.

Woyendetsa miyambo, Nkhamenya

Aphunzitsi anena zoona za mphindi ziwiri zoyambirira. Ine ndiwonjezere kuti kwathu kuno mphindi zimenezo zimathera pa malonje, ndipo ndi pamene ambiri amagwera. Munthu amaimirira, n'kuyamba kutchula mafumu kuchokera m'mutu, wasokoneza gulupu ndi nyakwawa, wina watsokomola mwadala, basi mutu wabalalika lipoti lisanayambe.

Chitani izi, amayi. Msonkhano usanayambe pitani kwa a wapampando kapena kwa mlembi, mulembe amene abweradi, osati amene anaitanidwa. Potchula mumayambira wamkulu kutsika m'munsi: mfumu yaikulu ngati yabwera kapena woiimira, magulupu, nyakwawa, alendo a boma, a wapampando, kenaka mamembala. Ombani m'manja mwaulemu monga mwa nthawi zonse, osathamanga. Kuomba m'manjako n'kwabwino kwa inu, chifukwa manja amapeza chochita ndipo mpweya umakhazikika. Ngati a wapampando atchula kale onse mmodzimmodzi, inu musabwereze mndandanda wonse. Lonjerani mfumu yaikulu pa onse amene alipo, munene kuti ulemu wonse mwaupereka monga anenera a wapampando, mulowe m'nkhani. Palibe mfumu imene imakondwa kumva mayina omwewo kasanu dzuwa likuswa mtengo. Za kugwada kapena kuima, funsiranitu kwa amayi aakulu a m'mudzimo. M'malo ambiri mumapereka ulemu mutanyonyomala kapena mutagwada, kenaka mumapempha kuti muimirire kuti akumbuyo amve.

Za pepala: pepala la m'kope ndi lopyapyala, limakuza kunjenjemera kwa dzanja, ndipo pansi pa mtengo mphepo imalipinda. Limateni pa katoni yolimba, kapena muliike m'kati mwa buku lachikuto cholimba, muligwire ndi manja awiri zigongono zitatsamira m'nthiti. Lembani zilembo zikuluzikulu, mzere umodzi nkhani imodzi, kudumpha mzere pakati. Chala chachikulu chizitsika ndi mzere umene mukuwerenga, kuti mukadzutsa mutu n'kubwerera musasochere.

Kukakhala chimkuzamawu, maikolofoni ikhale pafupi ndi chibwano, mpata wa zala ziwiri kapena zitatu kuchoka pakamwa, ndipo isamayendeyende. Musaime kutsogolo kwa sipika, chifukwa maikolofoni ikamva mawu otuluka m'sipikamo imalira tswii, ndipo phokoso limenelo limadzidzimutsa ngakhale ozolowera. Musaiombeombe ndi chala kapena kuuziramo. Yesani ndi moni wanu msonkhano usanayambe. Batire ikatha kapena jenereta ikazima, musaime kudikira. Ikani maikolofoni pansi, sendererani pafupi ndi anthu, mulankhule ngati mukuuza munthu wokhala kumbuyo kwenikweni.

Maso musawaponye kumwamba kapena pansi. Sankhani anthu atatu amene amakufunirani zabwino, wina kumanja, wina pakati, wina kumanzere, ndipo chiganizo chilichonse muzichipereka kwa mmodzi wa iwo. Mbali ya amuna ndi mbali ya amayi zonse zimaona ngati mukuyang'ana iwo.

Mwambi ngati simukuudziwa bwino, usiyeni. Mukaupotoza madoda amaumalizitsa okha mokweza, anthu n'kuseka.

Namwino, Mchinji

Ndiyankhepo za botolo ndi mapiritsi, achemwali.

Mowa ayi. Umachepetsadi manyazi, koma umachedwetsa maganizo, umaumitsa pakamwa, ndipo pamene mukufuna kuwerenga manambala molondola ndi pomwe umakupunthwitsani. Komanso fungo. Msungichuma wonunkha mowa pa lipoti la ndalama, mlandu wadziweruza yekha.

Mapiritsi amene anthu amanena nthawi zambiri ndi propranolol. Amachedwetsa kugunda kwa mtima ndi kuchepetsa kunjenjemera kwa manja, koma maganizo a mantha sawachotsa. Ndi oopsa kwa wodwala mphumu chifukwa amatha kutseka chifuwa, sayenera kwa amene mtima wake umagunda pang'onopang'ono kapena magazi ake amathamanga motsika, ndipo kwa odwala shuga amabisa zizindikiro zoti shuga watsika. Enanso amatchula diazepam: ameneyo amagonetsa, amaiwalitsa, ndipo thupi limamuzolowera. Onsewa ndi olembedwa ndi dokotala atakupimani. Musagule pamsika, musalandire kwa mnzanu.

Chimene mungachite nokha ndi mpweya. Kokani ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, mimba ndiyo ifufume osati mapewa kukwera, kenaka tulutsani ndi pakamwa pang'onopang'ono mpaka 6 kapena 8. Bwerezani kasanu kapena kasanu n'kamodzi muli chikhalire, pamene wolankhula patsogolo panu akumaliza. Chinsinsi chili pa kutulutsako, ndiko kumachedwetsa mtima. Ambiri akauzidwa kuti apume kwambiri amakoka mpweya wambiri mofulumira, ndiye amamva chizungulire ndi dzanzi m'zala, n'kuganiza kuti akukomoka. Yambani kuzolowera lero, m'mawa ndi madzulo, chifukwa chinthu chosazolowera sichibwera pa nthawi ya mantha.

Patsikulo idyani kanthu, phala kapena mbatata, musapite ndi njala. Tiyi wowawa kwambiri, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija zili ndi kafeini, zimawonjezera kunjenjemera. Tengani kabotolo ka madzi muzimwa pang'onopang'ono. Miyendo ikamagwedezeka, musaumitse mawondo. Apindeni pang'ono, mapazi atalikirane, zala za kumapazi zikanikize pansi.

Koma ngati mantha amenewa amakulepheretsani ngakhale kupita pagulu, kugona, kapena kudya kwa masiku ambiri, pitani kuchipatala cha boma mukafunse anamwino a za maganizo. Vuto limenelo lili ndi chithandizo chake.

Wowerengera mabuku a makopaletivi, Kamwendo

Zonsezi n'zabwino, koma ine ndikuona kuti chimene mayiwa akuopa kwenikweni si maso a anthu. Ndi funso lija limachokera kumbuyo: "Nanga ndalama za soya zija zinapita kuti?" Kupuma bwino sikuyankha funso limenelo. Ndiye tikonze lipotilo.

Anthu akumva ndi makutu sangasunge manambala 30. Apatseni anayi akuluakulu: zimene zinalipo chaka chikuyamba, zimene zalowa, zimene zatuluka, zimene zatsala. Pa zotsalazo nenani komwe zili, zingati ku banki, zingati pa Airtel Money kapena Mpamba, zingati m'manja, zingati ndi ngongole zimene mamembala sanabweze. Manambala anayiwo alembedwe ndi pentopeni pa pepala lalikulu, likhomedwe pamtengo kapena pakhoma msonkhano usanayambe. Phindu lake ndi lapawiri: amene sanamve amawerenga okha, ndipo maso ambiri amachoka pa inu kupita papepalapo.

Kulumpha manambala kuli ndi chifukwa chake. Diso likaona K3,475,000 liyenera kuwerenga kaye maziro kuti lidziwe ngati ndi mamiliyoni kapena masauzande, ndipo mutu wamantha ntchito imeneyo suitha. Papepala lanu lembani mmene pakamwa padzanenere: 3 miliyoni, 475 sauzande kwacha. Nambala iliyonse yaikulu inenedwe kawiri, n'kuima pang'ono. Nambalayo muimangirire ku chinthu chimene alimi anachiona ndi maso: tinagulitsa matumba akutiakuti a makilogalamu 50, pa mtengo wakuti pa kilogalamu, tinapeza zakuti. Mlimi amene ananyamula matumbawo amawerengera yekha mumtima, akapeza kuti zikugwirizana amagwedeza mutu, ndipo oyandikana naye amakhala phee.

Apa ndisiyane pang'ono ndi aphunzitsi. Mphindi 7 n'zokwanira kulankhula, inde, koma musadule ndalama zotuluka pofuna kufupikitsa. Mayendedwe a komiti, malawansi, lendi ya nyumba yosungira mbewu, mankhwala a anankafumbwe, matumba opanda kanthu, zimenezi ndi zomwe anthu amakayikira. Zitchuleni nokha asanafunse. Chimene mwachitchula nokha ndi lipoti, chimene achita kukufunsani chimaoneka ngati munabisa.

Masiku angapo msonkhano usanafike, komiti yolondoloza chuma ione mabuku, malisiti ndi sitetimenti ya ku banki, isayine. Patsikulo zonsezo zikhale patebulo poonekera. Kenaka khalani pansi ndi a wapampando mulembe mafunso asanu oipitsitsa amene angabwere, lililonse ndi yankho la ziganizo ziwiri, ndipo wina wa m'komiti akufunseni mokalipa ngati mmene adzachitire ena aja.

Funso likabwera, lisiyeni lithe. Thokozani, libwerezeni mokweza kuti onse amve. Kubwerezako kumakupatsani nthawi yopuma, komanso kumachotsa ululu wa mawu, chifukwa inu mumalinena mofatsa. Yankhani moyang'ana a wapampando ndi gulu, osati kulimbana maso ndi wofunsayo. Ngati nambala simukuikumbukira, musaponye ya m'mutu. Tsegulani buku pomwepo, anthu adikire. Nambala yolota ikasiyana ndi ya m'buku ngakhale ndi K500, ndi imene adzaikambe pachigayo sabata yonse.

Msungichuma wa kwa Santhe

Zikomo kwambiri nonse, ndayamba kale kulemba manambala mmene ndidzawanenere. Chimodzi chokha: nanga mutu ukangoti zii pakati pa lipoti, osadziwa pomwe ndinali? Ndipepese, ndiwauze kuti ndili ndi mantha?

Mphunzitsi wa mtsutso, Kasungu boma

Musapepese, mayi, ndipo za mantha musazitchule. Ambiri amakhala sanaone kanthu, ndiye mukanena mwawauza choti ayambe kuyang'ana. Tsekani pakamwa, tulutsani mpweya, imwani madzi pang'ono, yang'anani pomwe pali chala chanu chachikulu. Kwa inu zidzaoneka ngati papita nthawi yaitali, koma kwa omvera ndi munthu amene akumwa madzi basi. Kenaka nenani kuti "Ndibwereze nambala imeneyi kuti tonse timve bwino," muwerenge mzere umene munamaliza, wotsatira udzabwera wokha.

Zimenezi muziyeserenso. Sabata yachiwiri ija, uzani mwana wanu kuti azikudulani mawu pakati mosayembekezera, kaya ndi funso, kaya kugwetsa mbale, inu muzimwa madzi n'kupitiriza pomwe pali chala. Mukalakwitsa nambala, nenani kuti "Ndikonze," mutchule yolondola kawiri, mupitirire mzere wotsatira.