Andilembera kalata yochenjeza chifukwa chosaima pa lanchi, zoona izi?

dalaivala_wa_kuchigwa

Abale thandizeni maganizo. Ine ndimayendetsa lole ya matani atatu ya kampani ina yake ku Blantyre, timasiya katundu wamugolosale m'mashopu kuyambira pa Thabwa, Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka pa boma pa Nsanje. Chaka chino anatiikira tracker, kachipangizo koonetsa mabwana pomwe galimoto ili, ndiye abwera ndi lamulo loti 12 koloko ikakwana galimoto iime, injini izime mpaka 1 koloko, tidye.

Lachiwiri lapitali kudepoti anapakira mochedwa, 12 inandipeza ndisanafike ndi pa Nchalo pomwe, mashopu 14 akundidikira kutsogolo, ine ndinangogula chipisi cha mujumbo nkumadya uku ndikuyendetsa kuti mdima usandipeze ku Tengani. Lachisanu andipatsa kalata eti ndaphwanya lamulo la lanchi, ndiponso akuti andidula K15,000 pa malipiro. Chikundiwawa nchoti mwezi watha supavaiza yemweyu anandikalipira pamaso pa anyamata chifukwa ndinabwerera ndi makatoni a ku Nsanje nditapeza mashopu atatseka. Ndiye ndigwire chiti? Mimba ndi yanga, njala ndi yanga, munthu angalangidwe chifukwa chogwira ntchito?

madala_a_pa_M1

Mphwanga, ine msewu umenewu ndauyenda usanabadwe mwina, ndiye ndikuuze mosakunyengerera: kudya uli pa chiwongolero usiye. Lanchi ya dalaivala si nkhani ya mimba yokha ayi, ndi nkhani ya maso. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Nsanje ndi makilomita pafupifupi 180, kuphatikiza kutsika ndi kukwera pa shopu iliyonse, ndiye madzulo uli ndi chitunda cha Chikwawa chokudikira ndi makona ake aja. Tulo ta kuchigwa sitigogoda, msewu wa pakati pa Nchalo ndi Ngabu ndi wowongoka, mphepo yotentha ikukuwomba, umangodzidzimuka teyala lili kale kumbali ndipo kumbali kumeneko kuli a kabaza, ngolo ndi ng'ombe.

Koma pa 12 yeniyeniyo mabwana akowo alakwitsa, zikuoneka kuti analemba lamuloli atakhala mu ofesi yozizira. Mu Okutobala kuno kutentha kumadutsa madigiri 40, uzimitse injini pamtetete pakati pa minda ya nzimbe opanda ndi mtengo womwe, mugalimoto mumasanduka ng'anjo. Kupuma kwake kuti pamenepo? Ife kale tinkadziwa malo athu, pa Dyeratu kapena pa Ngabu, kanyenya wa mbuzi, madzi ozizira, nkugona pang'ono pansi pa mtengo basi.

mlamu_wa_ku_Joni

Achimwene kuno ku Johannesburg ndimagwira ntchito yomweyo ndipo nkhani ya lanchi ili m'malamulo a dziko enieni, Basic Conditions of Employment Act ya 1997. Ukagwira maola opitirira 5 mosalekeza bwana akuyenera kukupatsa ola lathunthu lakudya, mukagwirizana polemba litha kutsika kufika mphindi 30. Ku Ulaya madalaivala a malole akuluakulu akayendetsa maola anayi ndi theka amayenera kupuma mphindi 45, atha kuzigawa 15 kenako 30, ndipo mugalimoto muli kamakina kotchedwa tachograph kolemba zonse, sunganame. Muone bwino apa, onsewa akuwerenga maola amene wagwira osati kuti wotchi ikuti bwanji. Auzeni mabwana anu asinthe, anene kuti dalaivala apume pasanathe maola akutiakuti, malo asankhe yekha.

mayi_wa_golosale_Ngabu

Kkkk pepani achimwene, mwina ena mwa okuvutitsani ndife amene. Ine 12 ikadutsa shuga atatha mushopu ndimayamba kuimba foni, mwafika pati, mwafika pati, osaganiza nkomwe kuti munthuyo sanadye. Koma nanunso a kampani muzitiuza nthawi yoona, mumati m'mawa katundu nkufika 3 koloko. Mukafika pa Ngabu imani kuseri kwa shopu kuli mthunzi, nsima ya mapira ndi mlamba sizisowa.

kalaliki_wopuma

Akulu, pali zinthu ziwiri apa musazisakanize, kalata ndi ndalama.

Kalatayo kaye. Kampani ili ndi ufulu woika malamulo ake a pantchito, ndipo ngati lamulo la lanchi munauzidwa bwinobwino kapena munasainira, atha kukuchenjezani mukaliphwanya ngakhale munali ndi cholinga chabwino. Employment Act ya 2000 imalola zilango monga kalata yochenjeza, kuimitsidwa kwa kanthawi kapena kutsitsidwa udindo, bola chilangocho chikhale choyenerana ndi mlandu wake, poonanso mmene munthu wakhala akugwirira ntchito ndi zomwe zinachititsa. Apa mpamene pali mphamvu yanu, chifukwa wochedwetsa galimoto sanali inu.

Za K15,000 zo nde ayi. Lamulo lomwelo limaletsa bwana kulipiritsa wantchito faindi ngati chilango. Kudula kumamveka ngati munajomba popanda chifukwa kapena mwawononga katundu, inu simunajombe, munagwira ntchito yoposa. Ndiye musakalipe, lembani kalata yaulemu, mutchule nthawi imene galimoto inatuluka pageti, chiwerengero cha mashopu a tsikulo, ndi tsiku lija anakukalipirani chifukwa chobweza katundu, mufunse kuti pakachitika zoterezi mudzitsata chiti, akuyankheni polemba. Sungani kope yanu. Makalata ochenjezawa amaunjikana, mawa lino adzati wachitatu uyu pita, ngakhale lamulo limati munthu asachotsedwe ntchito pa nkhani ya khalidwe asanapatsidwe mpata wodziteteza. Akadulabe pitani ku leba ndi payslip yanu, zikakanika kumeneko kuli Industrial Relations Court.

Komanso tawerengani maola anu a pasabata, malire ake ndi 48, opitirira apo ndi ovataimu. Ndikukayika ngati wa ulendo wa ku Nsanje amakwana mu 48.

dalaivala_wa_kuchigwa

Zikomo nonse, takhuta. Madala ndamva, chipisi cha pa chiwongolero ndasiya. Ndapita kwa alonda a pageti andionetsa buku lawo, Lachiwiri ndinatuluka 10:40 pomwe masiku onse timatuluka cha m'ma 7, ndajambula tsambalo pafoni. Kalata ndilemba usiku uno ndikapereke Lolemba, anzanga awiri a ulendo wa ku East Bank akuti asainira nawo zoti lanchi iziyendera maola. Za ovataimu zo a kalaliki ndiye mwanditsegula m'maso, chiyambireni sindinaionepo pa payslip. Mayi a pa Ngabu, Lachiwiri likubwerali mlambawo ukhalepo, ndipo foni muyambe kuimba 1 koloko ikadutsa.