Adventitia ndi serosa zimasiyana pati?

MwanaWaKatete
Akuluakulu, ndithandizeni, mayeso a histology (phunziro loona ziwalo za thupi pa microscope) kuno ku sukulu ya udokotala ya Ridgeway ayandikira. Za mtsempha wa magazi ndazigwira: m'kati muli intima, pakati pali media wa minofu, kunja kuli adventitia. Koma pa ziwalo za m'mimba akuti zina zili ndi serosa, zina adventitia. Ine pa microscope ndimangoona ulusi wapinki basi. Nanga zonsezi si zokutira kunja?

AmayiAkuChilenje
Mwanawe, wa ku Katete iwe sunatumbulepo mbuzi? Ukang'amba mimba, matumbo ang'onoang'ono aja amanyezimira, kumangopulumuka m'manja. Ndiye serosa ameneyo, amatulutsa timadzi kuti matumbo aziterera osakhulana. Tsono yesa kukoka mmero wake kuchokera m'chifuwa. Subwera popanda mpeni, unamatirira ku zoyandikana nazo. Chomatacho ndi adventitia, ulusi wa collagen.

Pa silaidi uziyang'ana m'mphepete mwenimweni. Ukaona kamzere kamodzi ka maselo aphwatalala, lemba serosa. Ulusiwo ukamangopitirira mpaka kusokonekera m'mafuta, lemba adventitia. Ureter, kapaipi kotenga mkodzo kuchokera ku impso, nayenso ndi wa adventitia, chifukwa amadutsa kuseri kwa peritoneum, kansalu koyala m'kati mwa mimba.

KabwataUsiku
Amayi anena zoona. Koma achimwene, pa mitsempha musamupeputse adventitia, ambiri amangomuloweza dzina n'kudumphira kwina. Khoma la aorta, mtsempha waukulu wochokera ku mtima, ndi lochindikala moti magazi oyenda m'kati sangadyetse mbali yakunja. Ndiye mu adventitia mumadutsa timitsempha tating'ono, vasa vasorum, todyetsa khomalo. Chindoko chikakhalitsa m'thupi zaka zambiri osachizidwa chimawononga timeneti, khoma n'kufooka, aorta n'kutupa.

Palinso odwala BP amene amabwera usiku atagwira pachifuwa, akuti ululu ukung'amba mpaka kumsana. Nthawi zina intima imakhala yang'ambika, magazi alowa mu media n'kumaigawa pakati. Pamenepo chimene chatsala kuwagwira ndi adventitia. Nayo ikaphulika, munthu amapita mwachangu.

MwanaWaKatete
Zikomo amayi, za mbuzizo zandilowa. Funso lomaliza: pa silaidi ndisiyanitse bwanji artery (mtsempha wochotsa magazi ku mtima) ndi vein (wobwezera magazi ku mtima)?

KabwataUsiku
Artery imaoneka yozungulira bwino, media wake ndiye wonenepa. Vein imakhala yophwafuka, bowo lalikulu, ndipo mu vein zazikulu ngati vena cava mbali yochindikala kwambiri ndi adventitia yemweyo. Pa funso limeneli amakola anthu ambiri.