Scooter ikumazima yokha panjira, ndigule batire kapena ndidikire kaye?

Chimzy_BT:
Abale ndithandizeni. Ndili ndi ka scooter kamagetsi kaja kokwera choimirira, achimwene ananditumizira kuchokera ku Joni, ka second hand, batire ya 36V. Poyamba kamayenda bwinobwino koma pano kakumangotaya mphamvu ndili mkati moyenda, basi zii, ndikaima pang'ono nkuyatsanso kakunyamuka ngati sikanalakwe kanthu. Kawirikawiri ndi pokwera chitunda, Blantyre mukuidziwa mitunda yake, koma nthawi zina kakuchitanso pamalo oti see nditangodutsa hampu. Chaja ikumaonetsa gilini kuti yadzaza. Mnzanga wina akuti ndingogula batire yatsopano koma mtengo wake eish, ndiye ndisanataye ndalama ndati ndifunse kaye kuno.

Wamawaya:
Musathamangire batire achimwene. Tandiuzani kaye ichi, ikazima sikirini nayo imazima, kapena sikirini imakhala chiyakire mota yokha ndiyo imasiya kukoka? Yankho lake ndi lomwe litiuze koyambira kufufuza.

Chimzy_BT:
Pachitunda imazima yonse ndi nyali yomwe. Pahampu sizimafanana, pena sikirini imangophethira nkubwerera yokha, pena imazimiratu.

Wamawaya:
Ndiye ine ndikuona ngati muli ndi mavuto awiri osiyana. Za pahampuzo ndi waya ameneyo, batire yofooka siisankha hampu. Pali waya wochokera ku sikirini kutsikira mkati mwa chitsulo chachiwongolero kupita ku controller (kabokosi kolamulira moto wopita ku mota) pansi popondapo, ndipo pamalo popindira scooter paja amapanidwa tsiku ndi tsiku mpaka kuduka mkati chikopa chake chili bwinobwino. Yatsani, muiimike, kenako muzigwedeza chiwongolero ndi wayayo pang'onopang'ono, ikaphethira mwampeza. Mutsegulenso pansi muone pulagi yaikulu yochokera ku batire, ikakhala yakuda kapena pulasitiki wake wasungunuka ndiye kuti siikugwira bwino.

Za pachitunda ndiye zimanunkha batire koma si kuti yonse yafa ayi. Batire ya 36V ili ndi magulu 10 a maselo olumikizidwa mondondozana, gulu lililonse likadzaza limafika 4.2V, zonse pamodzi 42V. Mkatimo muli ka bolodi kotchedwa BMS kamene kamayang'anira gulu lililonse palokha. Pachitunda mota imakoka moto wambiri, ndiye gulu limodzi likakhala lofooka limagwa msanga kuposa anzake, likatsika kupitirira cha m'ma 3V BMS imadula zonse pofuna kuteteza maselo, mukapuma pang'ono voltage imakweranso ndichifukwa chake imayakanso ngati munthu wosalakwa. Gilini wa chaja musamukhulupirire kwambiri, BMS imasiya kulandira moto gulu limodzi lokha likangodzaza, ena ali m'mbuyo, chaja nkuyatsa gilini. Bwerekani multimeter (kachipangizo koyezera voltage) muyeze batireyo mukangochotsa pachaja. Ikaonetsa 41 ndi kanthu kufika 42 ndi zabwinoko ngakhale sizitsimikiza zonse, koma ikathera pa 39 kapena 40 pali gulu lotsalira.

Mai_a_Tadala_CPT:
Bambo a kunyumba kuno ku Cape Town yawo inkachita zofananako nthawi ya mvula ija ya June, kungoti yawo sikirini inkakhala yoyaka. Linali buleki kkkk. Pa handulo ya buleki pali ka sensa kamene kamadula mota mukagwira buleki, ndiye handulo ikalema osabwerera bwino scooter imaganiza kuti mwagwira. Anangoitsuka nkuimanga basi. Muyang'anenso pamenepo achimwene poti sizidya ndalama.

Wamawaya:
Zoona mayi, sikirini ikakhala yoyaka buleki ndi poyambira. Pakapanda kanthu ndiye throttle (podina kuti ithamange), kenako mawaya a ku mota pafupi ndi tayala, atatu onenepa aja ndi ting'onoting'ono ta ma hall sensor (timasensa touza controller momwe mota ikuzungulira). Controller nayonso ikatentha kwambiri imachepetsa mphamvu yokha. Koma ya achimwenewa ikuzima ndi nyali yomwe ndiye buleki sindikuikayikira.

KabazaWakale:
Ine langa ndi limodzi aise, akadzakuuza munthu kuti tingoidumpha BMS izisiya kudula, nyamula scooter yako uzipita. Ena amachita zimenezo ndipo imasiyadi kuzima, koma ndiye palibenso choletsa gulu lofookalo kutheratu kapena enawo kudzaza mopitirira, maselo a lithium akapsa moto wake si woti uzimitse ndi ndowa imodzi. Batire ikatupa, ikamatentha osagwiritsa ntchito kapena kununkha zachilendo usaichajenso, ndipo usamaisiye pachaja usiku kuchipinda komwe ukugona. Komanso pamitunda yolimba uziithandiza ndi phazi, timota ta 250W kapena 350W sanatipangire ife odya nsima yambiri kkkk.

Chimzy_BT:
Zikomo nonse. Ndagwedeza wayayo monga mwanenera bwana Wamawaya, sikirini yaphethira pompo, pamalo popindira penipenipo, ndiye uyo ndikasinthitsa. Pulagi yapansi ili bwino, si yakuda. Multimeter yaonetsa 40.1 nditangochotsa pachaja. Ndiye gulu lotsaliralo angalikonze palokha kapena ndi batire yonse basi?

Wamawaya:
Yezani kaye chaja yokha isanalumikizidwe ku batire, izionetsa pafupifupi 42V, apo ayi wolakwa ndi chajayo. Ikakhala bwino muisiye batire pachaja kwa maola angapo gilini atayaka kale, masana muli pompo, BMS zina zimalinganiza magulu pang'onopang'ono nthawi imeneyo. Ikakanirabe pa 40 pitani nayo kwa munthu wodziwa mabatire a lithium ayeze magulu onse 10 limodzilimodzi. Pena amangopeza kachitsulo kolumikiza maselo kamatuka chifukwa cha misewu yathuyi, kuwotchereranso basi. Akapeza gulu lakufa asinthe maselo onse a gululo ndi ofanana ndi enawo, osati otola mu batire yakale ya laputopu. Mudzatiuze manambala omwe apeze.